Mukaika pampu pa njinga yamoto, petulo sadontha, amafwamphuka

Ngati munaimapo pa doko la Nkhata Bay tsiku limene sitima ya Ilala yakocheza, mukudziwa kuti anthu ambiri ndi katundu wawo amachoka pamenepo pa njinga zamoto. Thumba la usipa, mayi wobereka mwana, mwana wa sukulu amene wachedwa, wodwala wopita ku chipatala chachikulu cha boma ku Mkondezi, onsewa amakwera zitunda za tauni ino pa kabaza. Kwa inu alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya a m'midzi, njinga yamoto ndiyo ambulansi yoyamba kufika mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka pakati pa usiku.

N'chifukwa chake lero tsamba lino lalowa m'galaja. Musadabwe kuona kiliniko ofesa akukamba za mapampu ndi mapaipi. Chandifikitsa kuno ndi bala limene ndinatsuka ndi manja anga.

Miyezi ingapo yapitayo ndinalandira mnyamata wa zaka za m'ma 20 atapsa mkati mwa ntchafu zonse ziwiri komanso dzanja lamanja. Poyamba ndinkayesa kuti ndi zija za masiku onse, kabala kozungulira ka ekizozi kamene timakaona pa katumba ka amayi ndi ana okwera kabaza. Koma ili linali bala la malawi a moto. Nditamufunsa anati: "Adokotala, ndinangogwa pang'ono pokhota, liwiro panalibe. Injini inazima, koma petulo anapitiriza kutuluka ngati paipi ya madzi yaphulika." Mchimwene wake amene anamuperekeza ndiye anandifotokozera bwino. Njinga ija anaichotsa kabureta n'kuikapo zida zothira mafuta ndi injekita, zoitanitsa pa intaneti, pofuna kuti izimwa petulo wochepa. Patapita nthawi pampu imene inabwera ndi zidazo inafa. M'malo mwake anaikapo pampu yakale ya galimoto, waya wake n'kulumikiza molunjika ku kiyi. Paipi inali ya pulasitiki yoonekera mkati, yomanga ndi waya.

Mnyamatayo anapulumuka, koma anagona m'chipatala milungu yambiri, ndipo zala zake ziwiri sizipindika bwino. Cholakwika sichinali injekita ayi. Cholakwika chinali kusadziwa kuti pampu ikangolowa pa njinga, petulo amasintha khalidwe.

Diripi ndi mtsempha

Njinga zambiri zimene mukuziona pamsewu, za Lifo, King Lion, Boxer ndi zinzake, zimayendera kabureta. Thanki ili pamwamba, kabureta ali pansi, ndipo petulo amatsika yekha ndi kulemera kwake, monga momwe madzi a diripi amatsikira kuchoka m'botolo lopachikidwa pamwamba pa bedi la wodwala. Mu kabureta muli kambale kokhala ndi kanthu koyandama kamene kamatseka njira kambaleko kakadzadza, chimodzimodzi thanki ya chimbudzi chogejemula. Injini ikamakoka mpweya, mpweyawo umadutsa pa kakhosi kopapatiza n'kuyamwa petulo pang'onopang'ono. Palibe pampu, palibe magetsi okankha mafuta. Paipi ikang'ambika petulo amadontha, mumamva fungo, mumatseka kampopi ka pansi pa thanki, nkhani yatha.

Njinga ya injekita nkhani yake ndi ina. Petulo amachita kukankhidwa ndi pampu ya magetsi, amadutsa m'sefa, n'kukafika pa injekita, imene ndi kampopi kakang'ono kotseguka ndi kutsekeka ndi magetsi. Kakompyuta ka njingayo kamayeza kutentha kwa injini, kuchuluka kwa mpweya wolowa ndi mmene woyendetsa wapotokolera moto, kenaka n'kulamula injekita kuti itseguke kwa kamphindi kochepa zedi, magawo ochepa chabe mwa magawo 1,000 a sekondi imodzi. Kuti petulo atuluke ngati nkhungu m'kamphindi kotere, ayenera kukhala atapanikizika kwambiri m'paipi. Kupanikizika kumeneku amakaniko amakutchula kuti puresha.

Tiyeni tiike manambala. Puresha imayezedwa mu bar. Tayala la njinga yamoto limapopedwa pafupifupi bar 2. Petulo wa njinga zambiri za injekita amakhala pakati pa bar 2.5 ndi 3.5, tingoti bar 3, kuposa mpweya wa m'tayala. Pamene pa njinga ya kabureta, imene thanki yake ili masentimita 30 pamwamba pa kabureta, puresha ndi bar 0.02 yokha. Kusiyana kwake n'koposa ka 100. Inu amene mumayeza anthu BP mumvetsa bwino chonchi: munthu wathanzi nambala yake yapamwamba imakhala cha m'ma 120, ndipo makina athu amathera pa 300. Bar 3 pa sikelo yomweyo ndi 2,250.

Amene munaonapo mabala mukudziwa kusiyana kwa magazi a mtsempha wobwerera ku mtima ndi a mtsempha wochokera ku mtima. Woyambawo ukadulidwa magazi amayenderera, mumasindikiza ndi nsalu n'kuleka. Wachiwiriwo ukadulidwa magazi amafwamphuka mpaka kukafika pakhoma, chifukwa kumbuyo kwake kuli pampu. Kuchotsa kabureta n'kuika injekita ndi kusandutsa diripi kukhala mtsempha wochokera ku mtima, mtsempha wake wodzadza petulo, wodutsa pakati pa miyendo ya woyendetsa, pamwamba pa injini yotentha ndi pulagi yotulutsa moto.

Osati kuti injekita ndi yoipa

Ndisakunamizeni, njinga ya injekita yochokera ku fakitale ndi yabwino. Kawasaki inayamba kugulitsa njinga zotere mu 1980, ndipo poyamba zinali za anthu olemera okha. Zinthu zinasintha malamulo a utsi atakhwima. Ku India, kumene kumachokera njinga za Bajaj, TVS ndi Hero, lamulo latsopano la utsi linayamba kugwira ntchito pa 1 April 2020, ndipo njinga zambiri zogulitsidwa m'dzikomo zinasiya kabureta. Choncho njinga za injekita, zatsopano ndi zakale zomwe, zizifika kuno zochulukirachulukira, ndipo amakaniko athu azikumana nazo kaya afune kaya asafune.

Ubwino wake umaoneka ngakhale pa msewu wathu womwe uno. Nkhata Bay ili m'mphepete mwa nyanja, pafupifupi mamita 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ili pa mamita oposa 1,200. Pa ulendo wosakwana makilomita 50 mumakwera mamita oposa 700, ndipo mpweya umapepuka ndi magawo 8 kapena 9 pa 100 alionse. Kabureta sadziwa zimenezi. Amathira petulo monga mwa kale ngakhale mpweya wachepa, ndiye njinga yochunidwa bwino kunyanja imakafika ku Mzuzu ikumwa mafuta mopyola muyezo. Kakompyuta ka injekita kamamva kusinthako n'kuchepetsa petulo. Petulo akapsa bwino, utsi wakupha wa carbon monoxide umachepa, ndipo ana okhala m'mphepete mwa msewu amapuma mpweya wabwinoko. Ndi mitengo ya mafuta ya masiku ano, wakabaza wofuna kupulumutsa theka la lita patsiku sitingamunene kuti wapenga.

Vuto lili pa kusintha kwa theka, kumene munthu amagula injekita ndi kakompyuta n'kuona ngati pampu, paipi ndi mawaya ndi zinthu zongopezerapezera.

Kachida kosunga muyezo

Chinthu chimene anthu ambiri sachimvetsa n'chakuti kakompyuta ka njinga zing'onozing'onozi sikaona petulo amene watuluka. Kamangowerenga nthawi imene injekita yatseguka, n'kukhulupirira kuti puresha ili pa muyezo umene anakauza ku fakitale. Zili ngati namwino wowerenga madontho a diripi ndi wotchi yokha ali chofulatira. Wina akakweza botolo kapena kulitsitsa, iye sadziwa.

Amene amasunga muyezowo ndi regyuleta. Ndi kachida kakang'ono kokhala ndi sipuling'i ndi kachikopa. Pampu nthawi zonse imakankha petulo wochuluka kuposa amene injini ikufuna. Puresha ikangopyola muyezo, petulo amakankha sipuling'iyo, kanjira kamatseguka, ndipo wotsalayo amabwerera m'thanki. Pa njinga zambiri za ku fakitale, pampu, sefa ndi regyuleta zonse zili mkati mwa thanki, ndiye kunja kumatuluka paipi imodzi yokha. Koma thanki ya njinga ya kabureta ilibe malo a zimenezi. Wosintha amayenera kuika pampu kunja n'kuboola njira yobwezera petulo m'thanki, ndipo polumikiza paliponse pamene waonjezera ndi pomwe pangatayikire mafuta.

Regyuleta ikalakwika, injini imadwala matenda awiri. Puresha ikatsika kuchoka pa bar 3 kufika pa 2, petulo wotuluka pa injekita amachepa ndi magawo pafupifupi 18 pa 100. Injini imafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, ndiye petulo akachepa chonchi imatentha kwambiri, imatsamwa, ndipo imazima pamene ikufunika mphamvu, ndiye kuti pa chitunda. Ganizirani njinga yozima pakati pa chitunda cha msewu wa ku Usisya, kumbuyo kuli mayi amene akutaya magazi. Puresha ikakwera kufika pa bar 4, petulo amachuluka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100. Pulagi imada, utsi umanunkha petulo, carbon monoxide imachuluka, ndipo mafuta amene munthu ankafuna kupulumutsa aja amathera mu ekizozi. Choopsa kwambiri ndi pamene paipi yobwezera yapindika kapena yatsekeka. Pamenepo pampu imakankha ndi mphamvu zake zonse mpaka china chake chigonje, ndipo chogonja chimakhala paipi kapena pamene yamangidwa.

Puresha siyezedwa ndi khutu kapena ndi chala. Pali geji yake. Makaniko amene akukuikirani injekita koma alibe geji ali ngati ine nditakupatsani mankhwala a BP osakuyezani.

Pampu ya galimoto si ya njinga

Injini ya 125cc, ngakhale muithamangitse bwanji, siimwa malita oposa 4 kapena 5 pa ola. Pampu ya galimoto yaing'ono imatha kukankha malita 100 pa ola. Kuika pampu yotere pa njinga ndiye kuti petulo yense wa m'thanki azizungulira kangapo pa ola, akutenthera panjira. Petulo wotentha amatulutsa nthunzi yambiri, ndipo regyuleta yaing'ono imalephera kubweza zonse, puresha n'kukwera. Pampu yotereyi imadyanso magetsi ochuluka kuposa getsi lakutsogolo, pamene njinga yaing'ono imapanga magetsi ongokwanira nyali ndi batire. Zotsatira zake mumaziona usiku: nyali yofooka, batire lakufa, ndipo magetsi akachepa pampu nayo imafooka, puresha n'kugwa.

Nanga pampu yoyenera ija imafa chifukwa chiyani? Apa mlandu wina ndi wathu. Pampu imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo amene ikukankha. Wakabaza wothira lita imodzi imodzi, woyenda thanki ili pafupi kuuma tsiku lonse, amachititsa pampu kumeza mpweya pa zitunda ndi pokhota, ndipo imapsa msanga. Kabureta amapirira umphawi wotere, pampu siipirira.

China ndi petulo wa m'zigubu. Nthawi za kusowa kwa mafuta, monga tinaonera mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024, ambiri tinagula petulo wa m'mabotolo m'mphepete mwa msewu ngakhale bungwe la MERA limaletsa malonda amenewa. Petulo wotere amabwera ndi fumbi, dzimbiri, nthawi zina madzi kapena parafini. Kabureta akatsekeka mumamumasula n'kumutsuka pansi pa mtengo wa mango. Timabowo ta injekita n'tochepa ngati tsitsi lochindikala, ndipo sefa ikatsekeka pampu imavutika mpaka kufa. Dziwaninso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, mtundu wa mowa wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ku Dwangwa anayamba kupanga ethanol mu 1982. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo kuno kunyanja chinyezi sichisowa. Madziwo amadyetsa thanki dzimbiri, dzimbirilo n'kukathera m'sefa.

Za paipi ndisachulutse. Tonse timanyadira mitengo ya labala ya ku Vizara, koma labala wachilengedwe amafufuma n'kufewa akakhala m'petulo. Paipi ya pulasitiki yoonekera mkati imauma n'kusweka. Ngakhale paipi yakuda ya kabureta siinapangidwire bar 3. Paipi ya injekita imalembedwa pambali pake kuti SAE 30R9, ndipo yokhala mkati mwa thanki imalembedwa 30R10. Imamangidwa ndi kalampu yake, osati waya kapena lekeni.

Waya umodzi umene unawotcha mnyamata uja

Pa njinga ya ku fakitale, mukatembenuza kiyi mumamva kaphokoso ka pampu kwa masekondi awiri kapena atatu, kenaka zii. Pampuyo yangodzadza paipi, ndipo siiyambanso mpaka kakompyuta katamva kuti injini ikuzungulira. Injini ikazima pampu nayo imazima. Njinga zambiri zotere zilinso ndi kachida komva kupendekeka, kamene kamadula injini ndi pampu njinga ikagwa. Zonsezi zimadutsa pa kaswichi kotchedwa rileyi ndi pa fyuzi.

Munthu akalumikiza pampu molunjika ku kiyi, chitetezo chonsechi wachilumpha. Njinga ikagwa, woyendetsa wapanikizika mwendo kapena wakomoka, kiyi akadali wotembenuza, pampu imapitiriza kupopa mpaka thanki itauma. Petulo wopoperedwa ngati nkhungu amayaka msanga kuposa wotayikira pansi. Ndipo petulo safuna kutenthetsedwa kuti ayake. Amatulutsa nthunzi yogwira moto ngakhale pozizira madigiri 40 pansi pa ziro, ndiye pa kutentha kwa Nkhata Bay kamoto kakang'ono ka waya woduka n'kokwanira.

Pali chinanso chimene chimavulaza amakaniko ndi ana athu ophunzira ntchito m'magalaja. Injini ikazima puresha siitha, imatsalira m'paipi. Mwana wozolowera kabureta akasolola paipi, petulo amamuthira m'maso. Njira yake ndi kuzula pulagi ya magetsi a pampu, kuliza injini mpaka izime yokha, kenaka kumasula paipi mutaikulunga ndi nsanza, nkhope ili kumbali. Makolo amene ana anu ali pa galaja, afunseni ngati anaphunzitsidwa zimenezi.

Pakhomo panu

Njinga yamoto ndi chuma, ndipo ambiri amaigoneka m'nyumba poopa akuba. Ndikumvetsa. Koma nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya katatu kapena kanayi. Siikwera kudenga ngati utsi wa nkhuni, imayenderera pansi, pamene pali mphasa ya ana, mbaula yotsala ndi makala a moto, koloboyi kapena kandulo. Njinga ya injekita yodontha imapitiriza kutulutsa petulo usiku chifukwa cha puresha yotsalira ija. Ngati mukumva fungo la petulo njinga ili chiimire, isagone m'nyumba usiku umenewo, ndipo m'mawa ipite kwa makaniko. Musalize injini m'chipinda chotseka. Carbon monoxide ilibe fungo, ndipo imakakamira magazi kuposa oxygen ka 200 ndi kupitirira. Imayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo munthu wogona sadzuka kuti adandaule.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amamwalira ndi mabala a moto chaka chilichonse, ambiri m'maiko osauka ngati lathu lino. Zimene zimachitika m'mphindi zoyambirira zimasintha kwambiri kukula kwa bala, ndipo mphindi zimenezo zili m'manja mwanu, osati mwathu.

Moto wa petulo musauthire madzi, chifukwa petulo amayandama pamadzi n'kufalikira. Ngati mungafikire kiyi popanda kudziika pangozi, zimitsani, kenaka thirani mchenga kapena dothi. Munthu amene zovala zake zayaka asathamange. Mugwetseni pansi, agubuduzike, kapena mumufunditse bulangete lochindikala. Moto ukazima, apa ndiye madzi amafunika: thirani pabalapo madzi ozizira oyera kwa mphindi 20 zathunthu, osati ayezi. Vulani mphete, wotchi ndi lamba thupi lisanatupe. Chotsani zovala zonyowa ndi petulo, koma nsalu imene yamatirira pabala isiyeni. Mwana wamng'ono amazizidwa msanga, choncho ziziritsani bala lokha, thupi lonse mulifunditse. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, oyilo kapena zitsamba, ndipo musaboole matuza. Ndatsukapo mabala ambiri amene zopakazo zinapweteka wodwala kuposa moto weniweniwo. Phimbani ndi chitenje chochapa bwino n'kunyamuka.

Chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala zake ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100 la khungu lake lonse. Bala loposa chikhatho chimodzi lionedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Bala la kumaso, m'manja, kumaliseche kapena pa mfundo, bala looneka loyera kapena lakuda losapweteka, munthu wa mawu osasa kapena mwaye m'mphuno, komanso mwana aliyense wopsa kwambiri, amenewa ndi othamangira nawo osadikira kucha. Ena timawatumiza ku Mzuzu Central, ndipo mabala aakulu kwambiri amafuna mawodi apadera ngati a ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Ndi ulendo wautali kwa banja lililonse.

Petulo akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, diso lili chotsegula, kenaka bwerani. Pakhungu sambani ndi sopo. Muleke chizolowezi chosamba m'manja ndi petulo pochotsa girisi, chifukwa muli benzene, amene amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi.

Ndipo pali vuto lakale lija, lokoka petulo ndi pakamwa pa paipi, komanso ana kumwa petulo wosungidwa m'botolo la zakumwa. Choopsa si m'mimba kwenikweni, ndi m'mapapo. Timadontho tochepa tikalowa m'njira ya mpweya timatupitsa mapapo, ndipo zizindikiro zimatha kuchedwa maola angapo. N'chifukwa chake musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira. Kusanza ndiko kumalowetsa petulo m'mapapo. Bwerani naye ngakhale akuoneka bwino, makamaka ngati anatsokomola kapena kutsamwa. Timamusunga maola osachepera 6 tikuona kapumidwe kake.

Kwa inu odalira kabaza potumiza odwala

Ntchito ya njinga yamoto pa umoyo si nkhambakamwa. Kafukufuku wa ku Mangochi amene anasindikizidwa mu 2008 anapeza kuti maambulansi a njinga zamoto oikidwa pa zipatala zitatu zakumudzi anachepetsa nthawi yofikitsa amayi oyembekezera ku chipatala chachikulu ndi maola awiri mpaka anayi ndi theka. Kwa mayi wotaya magazi atabereka, maola awiri ndiwo malire a moyo. Koma phindu limeneli limadalira njinga imene ikafike, osati yozima panjira. Choncho mukamagwirizana ndi wakabaza wa m'mudzi mwanu, kaya ku Mpamba, ku Chintheche kapena ku Usisya, kuti ndiye muzimuimbira usiku, njinga yakenso muidziwe.

Maganizo anga ndi awa, ndipo amakaniko ena mwina atsutsa. Ngati njinga ya kabureta ikuyenda bwino, isiyeni. Kutsuka kabureta, kusintha sefa ya mpweya ndi pulagi, kupopa matayala mokwanira ndi kumanga tcheni bwino zimapulumutsa mafuta popanda kuika bar 3 pakati pa miyendo yanu. Wofuna injekita asunge ndalama agule njinga imene inabadwa nayo, ndipo pampu ikafa aikepo ya mtundu womwewo, azisunga petulo wosachepera kota ya thanki. Amene watsimikiza mtima kusintha asalole kuchotserapo chilichonse pa pampu yoyenera kukula kwa injini yake, regyuleta yoyezedwa ndi geji, paipi yolembedwa ija, ndi waya wodutsa pa rileyi ndi fyuzi. Ndalama zikaperewera pa chimodzi mwa izi, ntchitoyo idikire.

Simufunika kukhala makaniko kuti muone njinga yokayikitsa. Werami muyang'ane pansi pa thanki ndi pa mpando. Paipi yoonekera mkati yolumikizidwa ku pampu, yomanga ndi waya kapena lekeni, malo onyowa amene fumbi lamatirira, mawaya opota ndi manja n'kukulunga pepala la pulasitiki, fungo la petulo injini isanalire, zonsezi zikuuzeni kanthu. Kenaka mupempheni mwaulemu kuti, "Achimwene, tatembenuzani kiyi koma musalize." Tcherani khutu pafupi ndi thanki. Pa njinga ya kabureta simumva kanthu. Pa njinga ya injekita yolumikizidwa bwino mumva kaphokoso kwa masekondi awiri kapena atatu n'kusiya. Kaphokosoko kakapitirira osaleka, pampu imeneyo siidzalekanso njinga ikadzagwa, ndipo mayi woyembekezera kapena mwana wanu asakwerepo mpaka waya utakonzedwa.

Mnyamata uja anabweranso ku chipatala mwezi watha kudzaonetsa zala zake. Ndinamufunsa za njinga. Anati moto unawononga mpando, mawaya ndi kakompyuta, koma injini inapulumuka. Kabureta wakale anali akadali m'katoni pansi pa bedi, ndiye mchimwene wake anamutsuka n'kumubwezeretsa. Ndi njinga yomweyo imene inamubweretsa ku Mkondezi tsiku limenelo, iye atakhala kumbuyo, chifukwa dzanja lamanja silinayambe kugwira buleki.